Mwana Pamayeso, Bambo M'wadiropu

Anzanga, popeza nkhaniyi yayamba kale kuyenda m'Mchengautuwa muno ndipo ena akuithira mchere wawo, bola ndiifotokoze ndekha mwiniwakene, kuti mukamaseka muziseka zoona. Sindinaledzere, sindinkathawa munthu, ndipo nyumbayo inali yanga yomwe. Ndinkangofuna kukhala kholo labwino basi.

Mwana wanga Tadala anamaliza Fomu 4 ndipo anakhoza bwino ndithu. Mumzinda wa Mzuzu muno muli sukulu ina ya pulayiveti, sinditchula dzina chifukwa anandichitira chifundo, yomwe ili ndi maphunziro a zaka ziwiri okonzekera yunivesite, aja amatha ndi satifiketi ya kunja yomwe amati ukaitenga ukhoza kukagogoda pa yunivesite ya dziko lililonse. Tadala wakhala akuimba nyimbo ya maphunziro amenewa kuyambira ali Fomu 2, akuti akufuna kudzamanga milatho. Malo ndi ochepa, ndipo kuti mwana alowe ayenera kulemba mayeso a masamu a pa intaneti omwe amachitika kamodzi pachaka. Akaphonya ndiye kuti akhala pakhomo chaka chathunthu akutsuka mbale. Tinamulembetsa, ndipo tsiku lomwelo asukulu anandiika m'gulu la makolo la pafoni, momwe amatumizamo nkhani za pasukulupo.

Ndiye tsiku lina kunabwera nkhani ziwiri zotsatizana. Yoyamba inali yoteteza ana pa intaneti. Akuti makolo, musalole mwana kudzitsekera m'chipinda ndi laputopu, musalole azilankhula pa kamera ndi munthu amene inu simukumudziwa, ndipo chenjerani kwambiri ndi munthu wofunsa mwana ngati ali yekha, kapena womuuza kuti aonetse chipinda chake ndi chitupa chake. Mukaona zokayikitsa, sungani umboni. Ine ndinawerenga ndikugwedeza mutu, ndikuti sukulu ndi imeneyi, anthu awa amaganizira ana athu.

Nditatsika m'munsi ndinapeza yachiwiri, ya mayeso aja. Akuti mwana adzalembere kunyumba, adzitsekere m'chipinda yekhayekha ndi laputopu, munthu wa kunja adzamuyang'anira pa kamera, adzamufunsa ngati ali yekha, adzamuuza kuti aonetse chipinda chonse ndi chitupa chake, ndipo mukangopezeka munthu wina m'chipindamo mayeso afera pomwepo.

Ndinabwerera pamwamba, ndinatsikanso, ndinapukuta magalasi, ndinawerenganso. Kodi inu mukanamva chiyani? Zomwe nkhani yoyamba ikuti ndi zizindikiro za chigawenga, yachiwiri ikuti ndi malamulo a mayeso, mawu ake omwewo, sukulu yake yomweyo, tsiku lake lomwelo. Ndinafika poganiza kuti mwina yachiwiriyi ndi msampha, akufuna aone makolo amene sanawerenge yoyamba ija. Kenako ndinaganiza kuti mwina zigawengazo zalowa kale m'gulumo ndipo ndi zimene zalemba. Mutu unaima.

Mwina mukuti bwanji sindinafunse. M'gulu limenelo muli madokotala, aphunzitsi a ku yunivesite, anthu a mabizinesi akuluakulu a ku Luwinga, ndipo onse ankangoyankha ndi Chingerezi chothina kuti amva ndipo athokoza. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaoneka wodabwa. Ine mwana wa ku Dowa, amene boma linandiponya kuno kudzagwira ntchito ya akaunti, ndikhale woyamba kuulula kuti sindinamve? Ndinalemba funso, ndinalikonza, ndinalifufuta. Ndinalilembanso m'Chichewa, ndinaona ngati ndavala patapata paukwati, ndinafufutanso.

Ndinafunsa mkazi wanga NyaGondwe, wa ku Rumphi, amene amagulitsa zitenje mumsika waukulu. Sanadzutse n'komwe mutu pa nyemba zomwe ankasankha, anangoyankha mosakaniza ndi Chitumbuka cha kwawo.

"Awiske Tadala, imwe mumaganiza chomene. Asukulu akuziwa zomwe akuchita."

Ndinafunsa Tadala mwiniwake. Anandiuza kuti zimenezo n'zosiyana, chifukwa uyu ndi munthu wa mayeso. Ndinamufunsa ngati munthu wa mayeso amakhala ndi chidindo pachipumi, iye anangopumira m'mwamba n'kubwerera ku mabuku ake. Apa m'pamene ndinabwera ndi nzeru yomwe tsiku limenelo ndinkaiona ngati ya Solomoni. Ndinati malamulo onse awiri ndiwasunga. Mwana akhala yekha monga momwe kamera ikuonera, ndipo ine ndikhalamo monga momwe Mulungu akuonera.

Kwathu netiweki imagwira bwino malo amodzi okha, pawindo la kuchipinda kwa ine ndi NyaGondwe, choncho mayeso anayenera kulembedwera m'menemo. M'chipindamo muli wadiropu yaikulu yomwe anatikhomera kalipentala wa ku Zolozolo, yolimba ngati bokosi la maliro a munthu wolemera, koma chitseko chake sichitsekeka chokha. Timachikankha ndi bondo n'kutembenuza msomali wopinda umene uli kunja.

Tsiku la mayeso kunacha ndi nkhungu ndi kamvula kowaza kaja ka Mzuzu, kozizira mpaka m'mafupa, moti ndinamwa tiyi wambiri kuposa masiku onse. NyaGondwe analawirira kumsika. Ine ndinavala suti ndi tayi, ndinapemphera ndi mwana, ndinamuuza kuti asaope chilichonse, ndinatsanzika n'kutuluka pageti ngati munthu wopita kuntchito. Ndinazungulira kuseri kwa mpanda, ndipo nditamva madzi akukhuthuka kubafa, Tadala akusamba, ndinalowera khomo la kumbuyo ndikuyenda monyang'ama m'nyumba yanga yomwe. Ndinalowa m'wadiropu, ndinakhala pa mulu wa zitenje zatsopano zomwe NyaGondwe anali atangopikula kumene, ndinagwira chitseko ndi chala n'kusiya kampata koonera. Ndinadziyamikira kwambiri.

Tadala analowa, anakonza tebulo, anatulutsa mabuku onse monga malamulo amanenera, anayalanso bedi. Kenako anatembenuka, anaona chitseko cha wadiropu chili chotsekuka pang'ono, anatsonya monga amachitira mayi ake, anachikankha ndi bondo n'kutembenuza msomali uja. Chala ndinachibweza mwamwayi. Mdima unangoti bii.

Munthu wanzeru akanagogoda pomwepo, mayeso asanayambe, n'kutuluka ndi manyazi ang'onoang'ono. Koma ndikanati chiyani? Kuti ndimafuna sokosi? Nditavala suti, nditatsanzika kale, nditakhala pansi m'kati? Ndinadziuza kuti palibe chaonongeka, maso atsekedwa koma makutu alipo. Ndinatulutsa foni, ndinaithimitsa kulira, ndinayamba kujambula mawu, poti asukulu anati tizisunga umboni.

Ine ndinkayembekezera mawu a chibambo chandevu, onyengerera, a munthu woti ukangomumva umadziwa kuti uyu ndi nkhandwe. Amene analankhula anali mayi, mawu ake otopa, Chingerezi chake chothamanga, ngati kalaliki wa kuchipatala amene waitana mayina kuyambira m'mawa. Anafunsa Tadala ngati ali yekha, iye anavomera. Anamuuza kuti aonetse chitupa. Anamuuza kuti anyamule laputopu aonetse chipinda chonse, pansi pa tebulo, pansi pa bedi, kuseri kwa chitseko. Ndinamva mapazi a mwana akudutsa pa wadiropu, ndinasiya kupuma, anapitirira. Kenako anamuuza kuti aonetse makutu ndi kukwinya manja a juzi. Makutu! Zimenezi sizinalembedwe m'nkhani yoyamba kapena yachiwiri. Kodi ndiye kuti chigawenga chayamba ntchito, kapena ndi mmene amayang'anirira mayeso kunjako? Ndipo apa m'pamene ndinazindikira kuti nzeru yanga ija inalibe mutu wachiwiri. Tinene kuti ndi chigawengadi, ndichita chiyani ine munthu wokhomeredwa ndi msomali?

Mafunso anatha, m'chipinda munangoti zii, kumangomveka pensulo ndi kudina kwa laputopu. Mwana wanga ankalemba mayeso enieni, oyang'aniridwa ndi mayi waulemu wake, ndipo munthu yekhayo wokayikitsa m'nyumba monsemo anali ine.

Choyamba kufika chinali tiyi uja. Ndinayesa kuganiza zina, ndinayesa kuimba nyimbo za kwaya chamumtima, koma nyimbo zonse zomwe zinkabwera zinali za mitsinje ndi akasupe, ndipo kunja kamvula kaja kankangodontha pa malata. Chachiwiri, mwendo wamanzere unachita dzanzi mpaka ndinaugwira kuti ndione ngati ulipo. Nditati ndisunthe pang'ono, mahang'ala anagundana pamwamba panga, pensulo inaima, ine ndinauma ngati chitsa, pensulo inayambiranso. Chachitatu ndicho chinandimaliza. Amene munanunkhizapo chitenje chatsopano chosachapa mukudziwa fungo lija la utoto lolasa m'mphuno. Ine ndinali nditakhala pa mulu wake, china chili paphewa, china chikundisisita pankhope, m'bokosi lotseka.

Kuyetsemula kwa kwathu n'kwa mtundu. Malemu bambo anga akayetsemula kudimba, kumudzi ankadziwa kuti afika. Ndinatsina mphuno, ndinaluma tayi, ndinapemphera kuti Ambuye chikho ichi chindipitirire. Koyamba ndinakutsekera m'chitenje, kunatuluka kamawu ngati ka mwana wa mbuzi. Kachiwiri sikanapemphe chilolezo kwa munthu. Wadiropu yonse inagwedezeka, mutu wanga unagunda thabwa, mahang'ala anagwa onse.

Mayi uja analamula Tadala kuti asiye kulemba, n'kufunsa kuti m'chipindamo muli ndani. Mwana wanga anayankha kuti mulibe munthu, bambo ake ali kuntchito, mayi ake ali kumsika, mwina ndi mphaka wa aneba walowera kudenga. Atamufunsanso, analumbira kuti ali yekha, ndipo ankanena zoona zokhazokha monga momwe ankadziwira. Zimenezo zinandipweteka kuposa mutu uja. Mayiyo anamuuza kuti aloze kamera komwe kwachokera phokoso ndipo atsekule.

Msomali unatembenuka. Popeza ndinali nditatsamira chitseko ndipo mwendo unali utafa, sindinatuluke, ndinakhuthuka. Ndinagwa chogwada pakati pa chipinda, chitenje cha maluwa achikasu chili kumutu, tayi ili m'kamwa, foni ili m'manja ikuwala. Tadala anakuwa n'kubwerera m'mbuyo, koma laputopu sanaigwetse, moti kamera inandipeza bwinobwino.

Tsono mukuganiza kuti ndinatani? Ndinalonjera. Mlendo ali m'nyumba mwanga, akundiyang'ana, ndikanangokhala chete ngati wosaleredwa? Ndinachotsa chitenje, ndinawomba m'manja pang'ono ndili chogwada chomwecho, ndinamupatsa moni wa m'mawa m'Chingerezi changa cha kuofesi, ndinafunsanso za kunyumba. Sanayankhe za kunyumbazo. Anandifunsa kuti ndine ndani. Ndinati ndine bambo ake a mwanayu, ndipo pofuna kuti aone kuti si ine munthu wamba wopezeka m'mawadiropu, ndinawonjezera kuti ndimagwira ntchito ya akaunti m'boma, masamu ndi chakudya changa cha tsiku ndi tsiku. Pamayeso a masamu, anthuni! Anandifunsa kuti foniyo ikutani. Ndinayankha mosabisa kuti ndakhala ndikujambula zonse kuyambira pachiyambi. Ndinaona Tadala akutseka maso. Mayiyo ananena modekha kuti mayeso athera pomwepo ndipo lipoti lipita kusukulu, kenako nkhope yake inazimiririka.

Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti ndinakumbatira mwana wanga n'kumupepesa. Zoona zake n'zakuti ndinathamangira kuchimbudzi ndikukoka mwendo.

Pobwerera ndinamupeza atakhala pabedi, laputopu ili pamiyendo. Sanalire, sanakalipe. Anangoti, "Adadi, ine ndinalumbira kuti ndili ndekha." Anadzuka n'kukadzitsekera kuchipinda kwake, ndipo tsiku limenelo sanadye. Apa nthabwala inatha. Ndinachita mantha enieni, chifukwa ndinali nditamudyera chaka chathunthu, komanso kwinakwake kunja kwa dziko lino dzina la mwana wanga linali litalembedwa kuti ndi wobera mayeso ndiponso wabodza. NyaGondwe atabwera n'kumva nkhaniyi anafunsa kaye kuti ndinayetsemulira chitenje chiti, kenako anati mawa ndipite ine mwiniwake kusukuluko ndikanene ndi pakamwa panga zomwe ndachita.

Kutacha ndinapita ndi Tadala, iye patsogolo ine pambuyo, osalankhulana. Mu ofesi tinapeza ahedi, Mayi Nyirenda, ndi mphunzitsi wa masamu, a Mhango. Lipoti linali litafika kale, lonena kuti m'chipinda cha mayeso munapezeka bambo wodziwa masamu atabisala ndi foni. Ndinafotokoza zonse, ndinawaonetsa nkhani ziwiri zija pafoni. Ahedi anaziwerenga n'kuvomera kuti zinafunika kufotokozedwa bwino, koma anati mwa makolo onse amene anazilandira, amene anasankha wadiropu ndine ndekha. Anandifunsa chifukwa chimene sindinafunsire. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndi chisa chomwe.

Anati akhoza kupempha eni ake a mayesowo kuti Tadala alembenso, ulendo uno pasukulu pomwepo, koma sangapemphe asanakhutire kuti sindinkamuthandiza. Anandiuza kuti ndiyatse zomwe ndinajambula zija. Anzanga, musadzamve mawu anuanu muli pamavuto. Munali kupuma kwa befu, kubuula, ndi kunong'ona kwa munthu wamkulu akuti, "Ambuye, tiyi uja, Ambuye." A Mhango anapempha kutuluka kuti akatsokomole, ndipo tinawamva akutsokomola mpaka kumapeto kwa khonde.

Atabwerera ahedi anati zikumveka kuti sindinanong'oneze yankho, koma nkhani ya kudziwa masamu ija ndinainena ndekha pa kamera, ndipo ndi imene yalemera m'lipotimo. A Mhango anatenga pepala, analemba funso limodzi la mtundu wa mayeso aja, anandipatsa ndi cholembera.

"Tayezgani ili, bwana. Mutenge nthawi yanu."

Tadala anandiyang'ana koyamba chichokereni dzulo lake. Apa ndinagwira njakata. Ndikakhoza, mwana wapita. Ndikalephera, ndapita ndine, munthu amene ndakhala ndikumuuza mwanayu kuti kusukulu kwathu ku Dowa aphunzitsi akadwala masamu ndinkachita kuphunzitsa anzanga ndine. Kholo lililonse likudziwa chimene ndinayenera kusankha, ndipo nanenso ndinkachidziwa. Koma ndikuuzeni zoona, nditangogwira cholembera chija zonsezo zinauluka. Ndinaona a Mhango akumwetulira, mtima unati mnyamata uyu akundiyesa ndani, ndipo ndinaliukira funsolo ndi mphamvu zanga zonse. Zilembo zinali zambiri kuposa manambala, tina tili ndi tinambala tating'ono paphewa, koma sindinabwerere m'mbuyo. Ndinachulukitsa, ndinagawa, ndinasamutsa za uku kupita uko, thukuta lili kamukamu m'nyengo yozizira, ndinadzaza tsamba lonse, ndinapeza yankho, ndinalidula mizere iwiri pansi monga timachitira ku akaunti. Nditapereka pepalalo m'pamene nzeru zinabwerera, ndipo mtima unagwa poganiza kuti ndamupha mwana kachiwiri, chifukwa ndinali wotsimikiza kuti ndakhoza.

A Mhango analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali, analitembenuza, analiyang'ananso.

"Bwana, yewo chomene, mwamupulumutsa mwana. Palibe mzere ndi umodzi womwe wolondola. Ngakhale funso lenilenilo mwalikopera molakwika."

Ahedi anapempha, chilolezo chinabwera patapita masiku, Tadala analembera pasukulu mphunzitsi ali pakhomo, ndipo anakhoza. Malo anamupatsa, ayamba teremu ikubwerayi.

Koma chimene chimandikhalabe pamtima ndi chimene chinachitika tikutuluka pageti la sukulu tsiku la pepala lija. Tinaima m'mbali mwa msewu kudikira galimoto, ine ndikusowa poyang'ana. Mwana uja anasendera, anandigwira mkono monga ankachitira ali wamng'ono, maso ali ndi misozi.

"Adadi, ndaona zomwe mwachita. Munthu wa akaunti sangalakwitse chonchija mwangozi, mpaka kukopera funso molakwika. Mwadzichititsa manyazi dala chifukwa cha ine. Zikomo."

Ndinayang'ana msewu, ndinakonza tayi.

"Kholo limatero, mwana wanga."

Ndiye ndalumbira, ndipo inu mukhale mboni. Sindidzalowanso m'chinthu chilichonse chotsekera kunja, ndipo asukulu akadzalemba zosamveka ndidzafunsa pagulu pomwepo, madokotala aseke mpaka atope. Tadala akadzabwera ndi masamu a kusukulu yatsopanoyo kuti adadi tandithandizeni, ine maso adzakhala akundiwawa mpaka adzamalize yunivesite. Za wadiropu kazinenani kulikonse, ndalolera. Koma amene akamuuze mwanayu kuti pepala lija ndinayesetsa, ine ndi ameneyo tadana mpaka kumanda.